Mapu a maganizo a pakompyuta m'sukulu

Mapu a maganizo, omwe m'Chingerezi amatchedwa mind map, ndi chojambula chomwe chimaika mutu wa nkhani pakati pa tsamba, ndipo mfundo zokhudza mutuwo zimatuluka mbali zonse ngati nthambi za mtengo. Mapu a maganizo a pakompyuta ndi omwe amajambulidwa ndi pulogalamu ya pakompyuta, patabuleti kapena pafoni m'malo mwa pepala ndi cholembera. Mapulogalamu ambiri otere masiku ano amagwira ntchito kudzera pa intaneti, choncho anthu angapo amatha kulemba pa mapu amodzi nthawi imodzi ngakhale ali m'malo osiyana.

M'sukulu za pulayimale, za sekondale ndi m'mayunivesite, mapuwa amagwiritsidwa ntchito posonkhanitsa maganizo a gulu, pogawana ntchito, pokonzekera kulemba chimangirizo kapena lipoti, ndiponso pobwereza zomwe zaphunziridwa mayeso asanafike. Aphunzitsi nawo amawagwiritsa ntchito pokonza maphunziro limodzi. Phindu lake lalikulu pa ntchito ya pagulu ndi lakuti maganizo a aliyense amaoneka poyera pamalo amodzi, moti anzake angathe kuwafunsa, kuwatsutsa kapena kuwawonjezera. Kafukufuku wasonyeza kuti phinduli silibwera chifukwa cha pulogalamu yokha. Limadalira kwambiri mmene mphunzitsi wakonzera ntchitoyo komanso kukambirana komwe kumachitika pojambula.

Kapangidwe

Mapu a maganizo amayamba ndi mutu umodzi wolembedwa kapena wojambulidwa pakati. Kuchokera pamenepo pamatuluka nthambi zikuluzikulu, iliyonse ndi mfundo yake yaikulu. Nthambi iliyonse imagawikanso kukhala nthambi zing'onozing'ono zomwe zimanyamula zifukwa, zitsanzo ndi tsatanetsatane. Pa nthambi sipalembedwa ziganizo zathunthu koma mawu ochepa ofunika.

Mwachitsanzo, kalasi yophunzira za kukokoloka kwa nthaka ingaike mutuwo pakati, n'kutulutsa nthambi zinayi: zoyambitsa, mitundu, zotsatira ndi njira zopewera. Pa nthambi ya zoyambitsa pangatuluke kudula mitengo, kutentha tchire, kulima m'mphepete mwa mitsinje ndi kuweta ziweto zambiri pamalo amodzi. Pa nthambi ya njira zopewera pangatuluke akalozera, udzu wa vetiva, kuphimbira nthaka ndi kubzala mitengo. Munthu woyang'ana mapuwo amaona nthawi yomweyo nthambi yomwe yadzaza ndi yomwe idakali yopanda kanthu.

Pali chojambula china chofanana nacho chotchedwa mapu a mfundo, kapena kuti concept map m'Chingerezi. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi, koma zimasiyana. Mapu a mfundo amayambira pamwamba ndi mfundo yaikulu n'kumatsika, ndipo mzere uliwonse wolumikiza mfundo ziwiri umakhala ndi mawu ofotokoza ubale wake. Mwachitsanzo, pakati pa "mizu ya mitengo" ndi "nthaka" pangalembedwe "imagwira", ndipo zonse pamodzi zimawerengeka ngati chiganizo chomwe chingakhale cholondola kapena cholakwika. M'mapu a maganizo mzere umangosonyeza kuti zinthu ziwiri n'zogwirizana popanda kunena kuti zikugwirizana bwanji. Mapulogalamu ambiri amakono amalola mitundu yonse iwiri, ndipo m'sukulu imagwiritsidwa ntchito mosakaniza.

Mbiri

Kujambula nzeru ngati mtengo n'kwakale. Porphyry wa ku Tyre, yemwe anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 200, analemba buku lofotokoza mmene Aristotle ankagawira zinthu m'magulu, ndipo akatswiri a pambuyo pake anajambula magawidwewo ngati mtengo wa nthambi. Ramon Llull wa ku Majorca analemba buku la Arbor scientiae chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, momwe anayerekeza nthambi za maphunziro ndi mitengo. Mu 1837 Charles Darwin anajambula m'kope lake kamtengo kosonyeza mmene mitundu ya zamoyo imagawikira.

Mapu a mfundo anayambika mu 1972 pa yunivesite ya Cornell ku America. Joseph D. Novak ndi gulu lake ankatsatira ana a sukulu kwa zaka 12 pofuna kuona mmene kamvetsedwe kawo ka sayansi kamasinthira, ndipo anafuna njira yoonetsera pa tsamba limodzi zomwe mwana akudziwa. Anatsamira pa maganizo a David Ausubel akuti munthu amaphunzira chinthu chatsopano pochilumikiza ndi zomwe akudziwa kale. Mu 1984 Novak ndi D. Bob Gowin anatulutsa buku la Learning How to Learn lomwe linafalitsa njirayi pakati pa aphunzitsi.

Dzina lakuti mind map linatchuka chifukwa cha Tony Buzan wa ku Britain, yemwe anabadwa mu 1942 ndipo anamwalira mu 2019. Mu 1974 iye anaulutsa mapulogalamu a pa kanema ya BBC otchedwa Use Your Head, ndipo anatulutsanso buku la dzina lomwelo. Mu 1993 iye ndi mbale wake Barry Buzan analemba The Mind Map Book. Buzan anaika malamulo ake a kajambulidwe: chithunzi pakati, nthambi zokhotakhota zonenepa pafupi ndi pakati, mawu amodzi pa nthambi iliyonse, ndi makaka osiyanasiyana. Ankanenanso kuti njirayi imagwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri za ubongo, koma akatswiri a za ubongo savomereza zoti anthu amagawika kukhala oganiza ndi mbali ya kumanja ndi oganiza ndi mbali ya kumanzere.

Mapulogalamu a pakompyuta oyambirira ankagwiritsidwa ntchito ndi munthu mmodzi pa kompyuta imodzi. Mike Jetter wa ku Germany anapanga MindMan mu 1994, yomwe pambuyo pake inatchedwa MindManager. M'sukulu za ku America munafala Inspiration ndi Kidspiration. FreeMind, pulogalamu yaulere, inatuluka cha m'ma 2000. Pa nthawi imeneyo kugwirira ntchito limodzi kunali kutumizirana fayilo pa imelo kapena pa flash, munthu mmodzi akamaliza mnzake n'kuyamba. Zinthu zinasintha pamene kunabwera mapulogalamu otsegulidwa pa intaneti, monga MindMeister mu 2007, omwe amalola anthu ambiri kulemba nthawi imodzi. Kugwiritsa ntchito zida zoterezi kunakula kwambiri mu 2020 pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha COVID-19. Bungwe la UNESCO linati pa nthawiyo ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni m'mayiko oposa 190 anakhudzidwa ndi kutsekaku.

Mmene mapulogalamuwa amagwirira ntchito

Pa mapulogalamu a pa intaneti, mapu sasungidwa pa kompyuta ya munthu mmodzi koma pa seva ya kampani kapena ya sukulu. Woyambitsa mapu amatumizira anzake linki ndipo amasankha chilolezo cha aliyense: wina angaloledwe kusintha, wina kuikapo ndemanga chabe, wina kungoona. Munthu akawonjezera nthambi, kusinthako kumapita ku seva ndipo kumaonekera pa sikirini ya ena onse m'kanthawi kochepa. Anthu awiri akasintha malo amodzi nthawi imodzi, pulogalamu imakhala ndi njira yoyanjanitsira zosinthazo kuti onse atsale ndi mapu ofanana.

Zinthu zomwe zimasiyanitsa mapu a pakompyuta ndi a papepala ndi izi:

- Nthambi ingakokedwe kuchoka pamalo ena kupita pena popanda kufufuta kapena kujambulanso.
- Tsamba silidzaza, ndipo nthambi ingapindidwe kuti zing'onozing'ono zibisike mpaka zitafunika.
- Pa nthambi pangamatidwe notsi, chithunzi, fayilo kapena linki.
- Mapulogalamu ambiri amasunga mbiri ya zosintha, yosonyeza yemwe analemba chiyani ndi nthawi yake, ndipo mapu angabwezeredwe mmene analili kale.
- Ena amalola kuvotera mfundo, kapena kupereka nthambi kwa munthu ngati ntchito yokhala ndi tsiku lomalizira.
- Mapu angasinthidwe kukhala chithunzi, PDF kapena mndandanda wa mitu womwe umakhala poyambira kulemba.

Mapulogalamu odziwika

- MindMeister: imatsegulidwa pa intaneti, ndipo inayambitsidwa ndi Michael Hollauf ndi Till Vollmer.
- Coggle ndi MindMup: ndi osavuta kuphunzira ndipo safuna kuikidwa pa kompyuta.
- Miro: bolodi la pa intaneti lomwe linayamba mu 2011 ndi dzina lakuti RealtimeBoard ndipo linasintha dzina mu 2019. Mapu a maganizo ndi chimodzi mwa zinthu zambiri zomwe zingajambulidwepo.
- XMind ndi MindManager: amaikidwa pa kompyuta ndipo amagwira ntchito ngakhale popanda intaneti.
- Ayoa: inachokera ku iMindMap, pulogalamu yomwe inkatsatira malamulo a Buzan.
- FreeMind ndi Freeplane: ndi aulere ndipo aliyense angaone ndi kusintha kapangidwe kake. Freeplane inaphukira ku FreeMind.
- CmapTools: ya mapu a mfundo, yopangidwa ndi bungwe la IHMC ku Pensacola m'chigawo cha Florida motsogozedwa ndi Alberto Cañas. Imapezeka mwaulere ndipo sukulu ingakhale ndi seva yakeyake.

Makampani ambiri amapereka akaunti yaulere yokhala ndi malire, kawirikawiri mapu kapena mabolodi atatu, ndipo wofuna zambiri amalipira pa mwezi kapena pa chaka. Ena amatsitsa mtengo kwa sukulu.

Mavuto a ntchito ya pagulu omwe mapuwa amathandizapo

Kuika ophunzira m'magulu sikutanthauza kuti agwirira ntchito limodzi. Akatswiri a za khalidwe la anthu anapeza zinthu zingapo zomwe zimafooketsa gulu, ndipo kufunika kwa mapu a pakompyuta kumamveka bwino zinthuzi zikadziwika.

Choyamba ndi kudikirana polankhula. Alex Osborn, m'buku lake la mu 1953, anafalitsa njira yoti gulu lizitchula maganizo ambiri mofulumira popanda kudzudzulana. Koma mu 1987 Michael Diehl ndi Wolfgang Stroebe a ku Germany anasonyeza kuti anthu okambirana pakamwa amatulutsa maganizo ochepa poyerekeza ndi anthu a chiwerengero chomwecho olemba aliyense payekha. Chifukwa chachikulu chinali chakuti pagulu amalankhula munthu mmodzi pa nthawi, ndipo odikira amaiwala kapena kusiya zomwe amafuna kunena. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Brent Gallupe ndi anzake ku Canada anapeza kuti vutoli limachepa gulu likamalemba maganizo pa makompyuta nthawi imodzi, makamaka gulu likakhala lalikulu. Mapu a pa intaneti amagwira ntchito mofanana: palibe wodikira mnzake kuti amalize.

Chachiwiri ndi mantha. Wophunzira wamanyazi, kapena wosadziwa bwino chinenero chophunzitsira, amakhala chete poopa kusekedwa, ndipo kalasi imamva mawu a anthu omwewo tsiku ndi tsiku. Kulemba mawu awiri kapena atatu pa nthambi n'kosavuta kusiyana ndi kuimirira pamaso pa anthu. Mapulogalamu ena amalolanso kulemba popanda dzina kuoneka kwa anzako.

Chachitatu ndi kubisala m'gulu. Mu 1979 Bibb Latané, Kipling Williams ndi Stephen Harkins anauza anthu kuti afuule ndi kuomba m'manja, ndipo anapeza kuti aliyense ankachepetsa mphamvu akaganiza kuti ali m'gulu momwe khama lake silingadziwike. M'sukulu izi zimaoneka pamene munthu mmodzi amalemba ntchito yonse koma mayina a onse n'kulembedwa pamwamba. Mbiri ya zosintha imachepetsa vutoli chifukwa mphunzitsi amatha kuona yemwe wachita chiyani. Komabe kuchuluka kwa nthambi zomwe munthu walemba si umboni wa kuganiza bwino, ndipo yemwe wapereka mfundo yabwino pakamwa saoneka m'mbiriyo.

Chachinayi ndi kusamvana kosaoneka. Anthu angavomerezane pakamwa pomwe aliyense akumva mosiyana. Pa mapu, mfundo iliyonse iyenera kuikidwa pansi pa ina, ndipo apa m'pamene kusiyana kumatulukira. Wina akaika kusefukira kwa madzi pa zoyambitsa kukokoloka kwa nthaka ndipo mnzake n'kukuika pa zotsatira, gulu limakakamizika kukambirana mpaka litazindikira kuti zonse ziwiri n'zoona: madzi osefukira amakokolola nthaka, ndipo nthaka yokokolokayo ikadzaza mumtsinje madzi amasefukira msanga. Kukambirana kotereku ndi komwe kumabweretsa kuphunzira.

Kagwiritsidwe ntchito m'kalasi

David Johnson ndi Roger Johnson a pa yunivesite ya Minnesota, omwe anafufuza kwa zaka zambiri za kuphunzira mothandizana, anati gulu limayenda bwino pamene mamembala akufunikirana zenizeni komanso pamene aliyense akuyankha pa gawo lake. Ntchito ya mapu ikakonzedwa motsatira mfundo ziwirizi imakhala ndi magawo ngati awa:

1. Mphunzitsi amapereka funso, osati mutu wokha. Mutu wakuti "malungo" umabweretsa mndandanda wa zinthu, koma funso lakuti "n'chifukwa chiyani malungo amachuluka nyengo ya mvula?" limafuna zifukwa zolumikizana.
2. Aliyense amayamba payekha kwa mphindi zingapo, kuti maganizo a woyamba kulemba asakoke onse.
3. Gulu laling'ono, la anthu atatu mpaka asanu, limaphatikiza mfundozo pa mapu amodzi, kuchotsa zobwerezedwa ndi kugwirizana mayina a nthambi.
4. Gulu limalumikiza nthambi zosiyana ndi kulemba pa mzere uliwonse ubale wake.
5. Magulu amasinthana mapu ndi kuikirana ndemanga, kenako mphunzitsi amakonza zolakwika.
6. Pomaliza aliyense amalemba kapena kujambulanso payekha osayang'ana mapuwo.

Njira ina yomwe imagwirizana bwino ndi mapu ndi yomwe Elliot Aronson anayambitsa mu 1971 ku Austin, m'chigawo cha Texas, yotchedwa jigsaw. Wophunzira aliyense amapatsidwa gawo limodzi la phunziro, amakakambirana ndi a magulu ena omwe ali ndi gawo lomwelo, kenako amabwerera kudzaphunzitsa gulu lake. Pa mapu, gawo lililonse limakhala nthambi yokhala ndi mwini wake, ndipo nthambi ikakhala yopanda kanthu gulu lonse limaona kuti likuperewera pati.

M'mayunivesite mapu amathandiza magulu olemba lipoti kapena ochita kafukufuku kusanja mabuku omwe awerenga, kuona mbali yomwe palibe wawerengapo, ndi kugawana mitu yolemba. Kwa ophunzira akutali, omwe sakumana kawirikawiri, mapu amakhala malo omwe aliyense amapeza ntchito pomwe anzake aisiyira, pa nthawi yomwe iye wapeza mpata.

Kupereka malikisi

Mapu a gulu angapatsidwe malikisi, koma njira yake iyenera kudziwika ntchito isanayambe. Novak ndi Gowin anapereka chitsanzo cha mapu a mfundo: malikisi 1 pa ubale uliwonse wolondola, 5 pa msinkhu uliwonse wa kutsika kuchoka ku mfundo yaikulu kupita ku yaing'ono, 10 pa kulumikiza kwatanthauzo pakati pa nthambi zosiyana, ndi 1 pa chitsanzo chilichonse. Kulumikiza nthambi zosiyana kunapatsidwa malikisi ambiri chifukwa n'komwe kumasonyeza kuti wophunzira wamvetsa, osati wangoloweza. Aphunzitsi ambiri amagawa malikisi pawiri, ena a gulu lonse ndi ena a ntchito ya aliyense payekha.

Aphunzitsi ndi oyang'anira sukulu

Aphunzitsi a dipatimenti imodzi angajambule silabasi yonse pa mapu amodzi kuti aone mitu yomwe ikubwerezedwa ndi yomwe ikudumphidwa. Aphunzitsi a maphunziro osiyana angaone pomwe mitu yawo ikukumana, monga nthaka yomwe imapezeka mu jogalafe ndi m'phunziro la ulimi, n'kugwirizana yemwe ayambe kuphunzitsa. Pa misonkhano, mapu oonetsedwa ndi pulojekita amalembedwa anthu akulankhula, ndipo yemwe mfundo yake yalembedwa molakwika amakonza pomwepo. Mphunzitsi watsopano amapezanso pamalo amodzi zomwe anzake anakonza zaka zam'mbuyo.

Chitsanzo cha ku Panama

Imodzi mwa ntchito zikuluzikulu zogwiritsa ntchito mapu a pakompyuta m'sukulu za boma inachitika ku Panama mu ulamuliro wa Martín Torrijos, yemwe anatsogolera dzikolo kuyambira 2004 mpaka 2009. Ntchitoyi inkatchedwa Conéctate al Conocimiento ndipo inachitika mothandizana ndi IHMC. Cholinga chake chinali kulumikiza sukulu za pulayimale za m'madera onse a dzikolo, ndipo inkayang'ana makalasi a 4, 5 ndi 6. Sukulu zinapatsidwa zipinda za makompyuta okhala ndi CmapTools, ndipo aphunzitsi anaphunzitsidwa kujambula mapu a mfundo kuti ana a sukulu zosiyana azitha kugwirira ntchito limodzi.

Ambiri mwa aphunzitsiwo anali asanazolowere kompyuta, koma vuto lalikulu silinali kuphunzira pulogalamu. Mapu ambiri oyambirira ankangosanja zinthu m'magulu popanda kufotokoza zifukwa. Pachifukwa ichi ofufuza a ntchitoyi anakonza njira zoyezera kapangidwe ndi tanthauzo la mapu, ndipo anatsindika kufunika kwa funso lotsogolera lomwe limafuna kufotokoza chifukwa.

Zomwe kafukufuku wapeza

Mu 2002 Paul Farrand, Fearzana Hussain ndi Enid Hennessy anayesa ophunzira za udokotala 50 ku London. Onse anawerenga nkhani ya mawu 600, ena pogwiritsa ntchito mapu a maganizo ndipo ena njira zawo za masiku onse. Patapita sabata imodzi, a mapu anakumbukira zambiri ndi pafupifupi 10 peresenti, koma chidwi chawo pa njirayo chinali chochepa poyerekeza ndi cha anzawo.

Mu 2006 John Nesbit ndi Olusola Adesope a pa yunivesite ya Simon Fraser ku Canada anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 55 wokhudza anthu 5,818, kuyambira kalasi ya 4 mpaka ku yunivesite. Anapeza kuti kugwiritsa ntchito mapu a mfundo kumathandiza kukumbukira kuposa kungowerenga kapena kungomvetsera mphunzitsi, koma kusiyana kumachepa poyerekeza ndi ntchito zina zomwe wophunzira amachitapo kanthu, monga kulemba chidule. Kuunika kwina kwa mu 2018, komwe awiriwa anachita ndi Noah Schroeder ndi Carlos Anguiano, kunasonyeza kuti kujambula wekha mapu kumapindulitsa kuposa kuwerenga mapu ojambulidwa ndi wina.

Mu 2011 Jeffrey Karpicke ndi Janell Blunt a pa yunivesite ya Purdue anatulutsa zotsatira zosiyana m'magazini ya Science. Ophunzira omwe anatseka buku n'kulemba zomwe akukumbukira anakhoza bwino patapita sabata kuposa omwe anajambula mapu buku lili chotsegula. Mu 2014 awiriwa anasonyeza kuti mapu nawo amathandiza chimodzimodzi ngati ajambulidwa buku litatsekedwa.

Pa za kujambula pagulu, Wolff-Michael Roth ndi Anita Roychoudhury anaonera ophunzira a sekondale a fizikisi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Anapeza kuti mapu amachititsa ophunzira kukambirana za phunziro kwa nthawi yaitali, komanso kuti mfundo yolakwika ikapanda wotsutsa imakhazikika m'gulu lonse. N'chifukwa chake mapu a gulu amafunika kuunikidwa ndi mphunzitsi asanakhale notsi zowerengera mayeso.

Kafukufuku wambiri wotchulidwa pano ndi wa mapu a mfundo, ndipo wina anachitika papepala. Umboni wake ukukhudza kwambiri kujambula ndi kukambirana, osati pulogalamu inayake.

Zovuta

Mapu a pakompyuta sayenera ntchito iliyonse. Zinthu zotsatana mwandondomeko, monga kusova samu kapena kufotokoza zochitika motsatira zaka, zimaoneka bwino pa mndandanda kapena pa tebulo. Mawu amodzi pa nthambi angabisenso kusamvetsa, chifukwa munthu angalembe liwu lomwe sangathe kulifotokoza. Ophunzira ena amathera nthawi posankha makaka ndi zithunzi. Mapu a anthu ambiri amakula msanga mpaka kuvuta kuwerenga, makamaka pa sikirini ya foni, ndipo wodziwa kwambiri kompyuta angalande ntchito yonse monga mmene wolankhula kwambiri amachitira pokambirana pakamwa.

Ophunzira osaona amavutika ndi mapu chifukwa mapulogalamu owerengera sikirini satsatira bwino nthambi. Kwa iwo pamafunika kupereka zomwezo ngati mndandanda wa mitu.

Palinso nkhani ya zinsinsi. Kutsegula akaunti kumafuna dzina ndi imelo, ndipo ntchito ya ana imasungidwa pa seva za m'mayiko ena. Ku America lamulo la COPPA limateteza ana osakwana zaka 13 pa intaneti, ndipo ku European Union lamulo la GDPR linayamba kugwira ntchito mu 2018. Sukulu imadaliranso kampani yomwe ingakweze mtengo kapena kutseka pulogalamu. Google inatseka Jamboard, bolodi lomwe aphunzitsi ambiri ankagwiritsa ntchito, kumapeto kwa 2024. Kusunga mapu ofunika ngati PDF kapena mndandanda wa mitu kumateteza ntchito kuti isatayike.

Mapulogalamu ena tsopano amajambula okha mapu munthu akangolemba mutu, pogwiritsa ntchito nzeru zopangira za AI. Mapu otere amatuluka msanga, koma amachotsa kusanja ndi kutsutsana komwe kumapangitsa ntchito ya pagulu kukhala yaphindu.

Kumene intaneti ndi magetsi n'zovuta

M'mayiko ngati Malawi, Zambia ndi Mozambique, sukulu zambiri zakumudzi zilibe magetsi odalirika, makompyuta okwanira kapena intaneti, ndipo mtengo wa bandulo umalepheretsa ophunzira kukhala pa intaneti nthawi yaitali. Sukulu za ku Malawi zitatsekedwa pa 23 March 2020, maphunziro a pulayimale anaulutsidwa pa wailesi chifukwa ndiyo imafika m'makomo ambiri. M'malo otere kulemba nthawi imodzi pa intaneti kumatheka makamaka m'mayunivesite, m'makoleji ndi m'sukulu zina za m'tauni.

Ngakhale zili choncho, pali njira zosafuna intaneti ya nthawi zonse. Freeplane, FreeMind ndi CmapTools amaikidwa kamodzi ndipo amagwira ntchito pa makompyuta akale. Sukulu yokhala ndi chipinda cha makompyuta olumikizana ingaike seva ya CmapTools pa kompyuta imodzi kuti ena onse azigwirira ntchito pamenepo. M'kalasi yaikulu, magulu angajambule pa mapepala kenako n'kuphatikiza zonse pa laputopu imodzi. Mapu a pa bolodi angajambulidwe ndi foni n'kutumizidwa pa WhatsApp kuti omwe kunalibe awonjezere mfundo zawo.

Malangizo a m'mapulogalamuwa amakhala m'Chingerezi ndi m'zinenero zina zazikulu, koma pa nthambi munthu angalembe m'chinenero chilichonse, kuphatikizapo Chichewa. Ku sekondale, komwe maphunziro ambiri amaphunzitsidwa m'Chingerezi, gulu lingaike liwu la m'buku pa nthambi ndi tanthauzo lake m'Chichewa pa notsi. Kajambulidwe kotere si kachilendo kwenikweni m'maderawa. Alangizi a zaulimi ndi a zachitukuko amagwiritsa ntchito mtengo wa mavuto pa misonkhano ya m'midzi, pomwe thunthu limaimira vuto, mizu imaimira zoyambitsa ndipo nthambi zimaimira zotsatira, anthu onse n'kumakambirana pomwe mfundo iliyonse iyenera kukhala.

Onaninso

- Kuphunzira mothandizana
- Maphunziro akutali
- Tony Buzan
- Joseph D. Novak
- Mapulogalamu aulere a pakompyuta